Ulendo wa ku Kasungu: Za Fodya, Ndiwo ndi Chifuwa Chachikulu



M'mwezi wa Malichi, nyengo ya Lenti ili pakati, Abambo Mfumu adatituma kunka ku dziko la Kasungu, kuti tikacheze ndi Akhristu a m'matchalitchi aang'ono a kumidzi, ndi kuthandiza akatekisiti anzathu a kumeneko pokonzekeretsa akatekumeni oyembekeza Ubatizo wa usiku wa Pasaka. Tidanyamuka katekisimu ali m'thumba, tikuyesa kuti ntchito yathu idzakhala ya mzimu wokha. Koma Mulungu, amene adalenga munthu ndi thupi lomwe, adatiphunzitsa kanthu kena panjira, ndipo taona kuti si bwino kukasunga tokha. Chifukwa chake tikupemphani kuti muwerenge mawu awa madzulo mutadya, ana ali pafupi, ndipo wodziwa kuwerenga awerengere wosadziwa.

NJIRA YA KUMPOTO

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Kasungu pali mtunda wa makilomita ngati 130, potsata msewu waukulu wa kumpoto. Galimoto idatipititsa pa Lumbadzi, pa Mponela ndi pa Madisi. Titapitirira pa Kasese tidawoloka mtsinje wa Bua, madzi ake atafiira ndi mvula, ndipo tidalowa m'dziko la Kasungu. Tsidya limenelo dziko lidayalika ngati mphasa, lopanda zitunda zotchinga maso, kotero kuti munthu aona mvula ikugwa pamudzi wakutali iye ali pa dzuwa. Dothi lake nlamchenga, lopepuka pa khasu. Pakati pa chidikha chimenechi paima phiri la Kasungu lokhalokha, ngati mfumu pabwalo, ndipo apaulendo amaliona ukali mtunda wautali.

Monse m'mbali mwa msewu mudali fodya. Zigafa zazitali zofolera udzu zidaima pafupi ndi nyumba, zina zazikulu kupambana nyumba zimene. M'kati mwake masamba osokedwa adalendewera pa mikangala, ena obiriwira, ena achikasu, ena atafiira kale ngati chikopa cha ng'ombe. Apo ndi apo tidaona mabalani a njerwa akufuka utsi, ndi milu ya nkhuni pambali pake. Pa Chinkhoma tidaona nyumba zazikulu za msika wa fodya zikali zotseka, pakuti kawirikawiri msika utsegulidwa mu Epulo. Amayi ndi ana omwe adali m'minda, akuthyola masamba mame asanakamuke, nasenza mitolo kunka nayo kumthunzi.

Fodya sadayambe dzulo m'chigawo chapakati. Azungu adayamba kumulimitsa pafupi ndi Lilongwe m'zaka za m'ma 1920. Koma minda ikuluikulu ya maesiteti idachuluka ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, mwana wa dziko lomweli. Nkhalango zidagwetsedwa, ndipo anthu ambiri adabwera kuchokera kummwera kudzalima monga matenanti. Kufikira 1990 fodya wa bale adali wa maesiteti okha. Pambuyo pake alimi a m'midzi adaloledwa kumulima, ndipo lero nkovuta kupeza mudzi wopanda chigafa. Pa kalembera wa 2018 anthu a m'boma limeneli adapitirira 800,000, ndipo mabanja ambiri mwa iwo ayembekeza ndalama ya tsamba limeneli.

Sitikunyoza ntchito ya alimi. Fodya wafolera nyumba ndi malata, waphunzitsa ana, ndipo njerwa za matchalitchi ena amene tidapempheramo zidagulidwa ndi iye. Koma pali chinthu chimene munthu aliyense wa ku Kasungu achidziwa: miyezi imene fodya afuna manja ambiri ndi yomweyo imene nkhokwe ili pululu. Mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi munthu agwira ntchito kuyambira mbandakucha kufikira usiku, kuthyola, kusoka, kupachika ndi kusankha. Chimanga chakale chatha, chatsopano sichinaume, ndalama siinabwere. Ndipo tsamba limene ladzaza munda wonse silingalowe mumphika. Akulu a kumeneko sadaiwale njala ya 2002, pamene Kasungu adali pakati pa maboma osauka koposa, ndipo anthu adadya madeya ndi mizu ya nthochi, fodya ali biriwiri m'minda.

M'NYUMBA YA WODWALA

Titachoka pa boma tidakwera njinga za kabaza, nkulowa njira zamchenga kunka kumadzulo, cha kumene kuli nkhalango yosungirako nyama. Pa Lachisanu, titatha Njira ya Mtanda, mkulu wa mphakati adatiitanira pambali nati: "Aphunzitsi, musanapitirire mukamuone mbale wathu wina, papita masabata ambiri asanaponde m'tchalitchi."

Tidampeza atagona pamphasa m'kanyumba ka chipinda chimodzi, zenera lake litatsekedwa ndi chiguduli. Theka la nyumbayo lidali la anthu asanu ndi awiri; theka lina lidali la fodya wouma, wounjikidwa m'menemo kuopa akuba ndi mvula, ndipo fumbi lake lidatiyetsemulitsa tisanakhale pansi. Munthuyo adali wa msinkhu wathu womwe, koma nthiti zake zidali zowerengeka. Adatiuza kuti adabwera kuchokera kummwera ali mnyamata, nalima pa esiteti ina zaka zambiri, akulandira phoso la chimanga pangongole imene ankaichotsa pa mtengo wa fodya wake. Ulimi wotere wa matenanti udaletsedwa ndi lamulo mu 2021. Tsono iye achita lendi kamunda, ndipo adakabzala konse fodya, osasiyako ndi mzere umodzi womwe wa mtedza.

Chifuwa chidamuyamba mvula yoyamba itagwa. Adakhosomola miyezi iwiri, thupi likutentha madzulo, thukuta likutuluka usiku, malaya akunka namukulira. Ena adati ndi mdulo, nayamba kunong'onezana za mkazi wake. Koma mlangizi wa zaumoyo adatenga makhololo ake kunka nawo kuchipatala, ndipo kudapezeka kuti ndi chifuwa chachikulu, chimene ambiri achitcha TB. Pamene tidafika adali atamwa mankhwala masabata atatu.

Tidamufunsa kuti, "Achimwene, mwadya chiyani lero?" Iye adati: "Aphunzitsi, lero ndi Lachisanu la Lenti, ndasala mpaka madzulo, monga ndichitira chaka ndi chaka. Nanga ine wogona pano ndili ndi chiyaninso choti ndimpatse Mulungu?" Mawu amenewa adatilasa mtima. Pamene mkazi wake adabwera ndi chakudya, nagwada kutipatsa madzi osamba m'manja, tidaona nsima ya ufa woyera, yowala bwino, ndi kambale ka therere lothira soda, popanda china. Nkhwani adalipo kwa anansi, koma mayi wosoka fodya mpaka usiku alibe nthawi yokapempha kapena yosinja. Tidaonanso kuti khungu la mayiyo lidada ndi kukakala kuzungulira khosi ngati mkanda, ndi kunja kwa manja, monga la munthu wopsa ndi moto. Adati: "Ndi dzuwa la kumunda, Aphunzitsi." Ife tidangokhala chete, koma usiku umenewo tulo sitidatione.

M'mawa mwake tidanka kwa Asisitere amene ali namwino pa kachipatala ka mishoni, ndipo tidawafotokozera zonse. Zimene adatiuza, pamodzi ndi zimene tawerenga titabwerera, ndi izi.

CHIFUWA CHACHIKULU NDI MIMBA YOPANDA KANTHU

Matendawa sabwera ndi mdulo kapena ufiti. Abwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene dokotala wa ku Germany, Robert Koch, adakaulula kwa anzake ku Berlin pa 24 Malichi 1882. Nchifukwa chake pa 24 Malichi dziko lonse likumbukira matendawa. Kachilomboka kayenda mumpweya pamene wodwala akhosomola, ndipo kakonda nyumba yamdima, yotseka mazenera, yogona anthu ambiri. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidawerenga kuti mu 2023 anthu 10.8 miliyoni adadwala matendawa, ndipo 1.25 miliyoni adafa nawo.

Koma imvani chodabwitsa. Akatswiri ayesa kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse pansi pano adakapumirapo kale kachilomboka, komabe ochuluka sadwala konse. Chifukwa chake nchakuti Mlengi adaika m'magazi mwathu asilikali amene amakazinga m'mapapo, nakamangira mpanda, ndipo kagona m'menemo zaka ndi zaka. Koma mpanda ufuna woukonza, ndipo asilikali afuna phoso. Thupi likasowa zakudya, kapena likafooka ndi HIV, mpanda uphwasuka, chilombo nkutuluka. WHO iwerenga zinthu zisanu zimene zitsegulira matendawa khomo, ndizo kusowa zakudya m'thupi, mowa, kusuta fodya, HIV ndi matenda a shuga. Ndipo pa dziko lonse choyamba pa zonsezi ndicho kusowa zakudya. Kwathu kuno HIV ili ndi gawo lalikulu, pakuti pafupifupi theka la odwala chifuwa chachikulu ali nayonso. Koma njala ikakomana ndi HIV m'thupi limodzi, mpanda ugwa msanga koposa.

Ndipo matendawa akadzuka achita ngati nankafumbwe m'nkhokwe: adya mnofu wa munthu m'kati, namuchotsera chilakolako cha chakudya. Potero njala iitana chifuwa, ndipo chifuwa chiitana njala, pakuti wodwala sagwira khasu. Ku Thyolo madokotala adayeza pa sikelo odwala atsopano 1,181, ndipo mu 2002 adalengeza kuti 57 mwa 100 alionse adali owonda mopitirira muyeso. Adaonanso kuti owonda kwambiriwo ndiwo adafa ochuluka m'masabata anayi oyamba a mankhwala. Mankhwala ndi amphamvu ndithu, koma afuna kupeza munthu woti amuchiritse.

ZA MAVITAMINI

Tsono mavitamini nchiyani? Ndi tinthu tating'onoting'ono tobisika m'zakudya, timene thupi litifuna pang'ono pokha monga mchere m'ndiwo, koma tikasowa, ntchito za thupi ziima. Munthu angakhute nsima tsiku ndi tsiku, mimba ili tho, thupi lake lili ndi njala. Ophunzira adatitcha maina a zilembo.

Vitamini A ali m'masamba obiriwira, m'maungu achikasu, m'mango, m'mapapaya, m'mbatata yofiira m'kati, m'mazira ndi m'chiwindi. Asunga maso, nalimbitsa kakhungu kofewa ka m'njira ya mpweya, kamene kali ngati chitseko cha mapapo. Ku Lima, m'dziko la Peru, adatsata anthu okhala nyumba imodzi ndi odwala, ndipo mu 2017 adalengeza kuti amene adasowa vitamini ameneyu m'magazi adali pangozi yodwala yokwana ngati kakhumi kuposa anzawo.

Vitamini D khungu lathu lidzipangira lokha likakhala pa dzuwa. Kale, mankhwala enieni asanapezeke, madokotala a ku London m'zaka za m'ma 1840 ankamwetsa odwala mafuta a chiwindi cha nsomba ya m'nyanja yamchere, ndipo Niels Finsen wa ku Denmark adalandira mphotho ya Nobel mu 1903 pochiza TB ya pakhungu ndi kuwala. Pambuyo pake kudadziwika kuti vitamini D athandiza asilikali a m'magazi kulimbana ndi kachilomboka.

Pamenepa wina angati: "Tiyeni tigule mapiritsi a mavitamini kusitolo, nkhani ithe." Ayi ndithu, abale, zimenezo zidayesedwa kale. Ku Mongolia ana a sukulu 8,851 adalowa m'kafukufuku wa zaka zitatu, ena akumwa vitamini D sabata ndi sabata, ndipo mu 2020 kudaoneka kuti omwawo adatenga kachilomboka mofanana ndi osamwa. Ku Zomba kwathu konkuno adawonjezera odwala mapiritsi a mavitamini ambiri pamodzi, ndipo imfa sizidachepe. Koma mverani zimene zidachitika ku Jharkhand, m'dziko la India, pakati pa anthu osauka ngati ife. Kumeneko, m'midzi ina, adapatsa chakudya a m'nyumba onse a wodwala: munthu wamkulu aliyense makilogalamu 5 a mpunga ndi kilogalamu imodzi ndi theka ya nandolo pa mwezi, pamodzi ndi kapiritsi ka mavitamini. Anthu onse a m'nyumba za odwala amene adatsatidwa, olandira chakudya ndi osalandira omwe, adapitirira 10,000. Mu 2023 kudalengezedwa kuti m'nyumba zolandira chakudya matenda atsopano adachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Ndiponso kuti odwala amene adanenepako msanga m'miyezi iwiri yoyamba adapulumuka ochuluka. Chimene piritsi palokha lidalephera, mphika wa nandolo udachita.

Nanga khosi la mayi uja? Asisitere adatchula dzina la matenda ake tisanathe kufotokoza: pelagra. Abwera posowa vitamini wa mtundu wa B wotchedwa niacin. Zizindikiro zake ndi khungu lakuda lokakala pamene paomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ndi kusokonezeka mutu. Akalekereredwa apha, koma akadziwika achizika msanga. Ndi matenda a anthu odya chimanga chokha, pakuti niacin wa m'chimanga ngwomangika, thupi silitha kumumasula bwino. Ndipo pokonola ndi poviika mphale kuti ufa uyere, zabwino zambiri zimene zidalimo zipita ku madeya ndi kumadzi. Mu 1990, pamene mtedza udasowa miyezi ingapo pa phoso la anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene adali m'misasa ya kummwera kwa dziko lino, oposa 18,000 adadwala pelagra. Ndipo pa Kasese pomwe paja tidadutsa, anthu mazanamazana adapezeka nayo mu 2015 ndi 2016, zaka zimene zokolola zidavuta.

Apa ndi pamene pelagra ikomana ndi chifuwa chachikulu. Amodzi mwa mankhwala a chifuwachi, otchedwa isoniazid, amene adayamba kugwira ntchito mu 1952 ndipo apulumutsa anthu osawerengeka, amasokoneza vitamini B6, amene thupi limfuna posamala mitsempha ndi popanga niacin. Munthu wodya bwino kawirikawiri saona vuto. Koma wowonda kale angamve dzanzi ndi moto kumapazi, kapena khungu lake lingade. Pamene mankhwalawa adayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri okhala ndi HIV m'maboma asanu a dziko lino mu 2017, kuti awateteze ku chifuwa chachikulu, madokotala adaona pelagra ikuchuluka, makamaka mwa osowa chakudya. Nchifukwa chake a chipatala apereka kapiritsi ka vitamini B6 pamodzi ndi mankhwalawa, ndipo kasamanyozedwe chifukwa cha kuchepa kwake.

ZIMENE AGOGO ADASUNGA

M'mudzi womwewo tidagona kwa mayi wina wokalamba, amene mudzi wonse umutcha agogo. Kudenga la khitchini yawo kudalendewera zikwatu za mfutso zokulunga m'masamba a msuku, ndipo kuseri kwa nyumba kudali kankhokwe ka mtedza komata ndi dothi. Adatiphikira nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi nsinjiro, ndi matondo ouma amene mdzukulu wawo adatola m'nyengo yake. Tidawafunsa chifukwa chake sadagulitse mtedzawo kwa mavenda monga anzawo. Adaseka nati: "Aphunzitsi, mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya ku okushoni ili pachala. Uwu ndiye uli pamphuno."

Agogo amenewa sadalowepo m'kalasi, koma mbale yawo idayankha zonse zimene talemba pamwambapa. Mgaiwa usunga zimene ufa woyera utaya. Mtedza uli ndi niacin wochuluka, ndiponso mafuta ake athandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba, amene popanda mafuta ambiri angodutsa. Matondo, ngumbi ndi mbewa zimanga mnofu monga nyama ya ng'ombe. Mu 1938 ndi 1939 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Dr. B. S. Platt lidayeza zimene anthu ankadya m'midzi ya ku Nkhotakota ndi Ntchisi, ndipo mmodzi wa iwo, Mayi Jessie Williamson, adalemba pambuyo pake buku la zomera zothandiza za dziko lino, lotuluka mu 1955. M'menemo muli maina a ndiwo zambiri, monga bonongwe, luni, chisoso ndi denje, zimene ana athu ena lero aziyesa udzu. Ndipo chomvetsa chisoni nchakuti dothi lamchenga la Kasungu, limene fodya alikonda, mtedza ulikondanso.

ZOYENERA KUCHITA M'NYUMBA MWANU

Choyamba: munthu akakhosomola masabata awiri, kapena akamawonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, apereke makhololo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala, ayezetsenso HIV. Mankhwala a chifuwa chachikulu ngaulere. Musanamizire mkazi kapena mwamuna wa mwini. Kutero ndi kuchimwira lamulo lachisanu ndi chitatu.

Chachiwiri: mankhwala amwedwe tsiku lililonse miyezi isanu ndi umodzi, kapena monga a chipatala alamula, ngakhale wodwala adzimva kuti wachira, pakuti chilombo chosiyidwa panjira chidzuka cholimba, chosamva mankhwala. Mkodzo ukafiira musaope, ndi mtundu wa mankhwala. Mukaona dzanzi kumapazi, khungu kuda kapena maso kuchita chikasu, fulumirani kukanena kuchipatala, osangodzisiyira nokha.

Chachitatu: dyetsani wodwala pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo dyetsani nyumba yonse, pakuti onse apuma mpweya umodzi. Nsinjiro isasowe m'ndiwo ndi m'phala. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, usipa ndi dzira zilowe monga mungathere. Phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga, magawo anayi a chimanga ndi limodzi la soya, lifanana ndi lija lotchedwa ndi dzina la mishoni ya Likuni. Soda achepe m'masamba, ndipo musawaphike mpaka kufiira. Mtedza wachuku utayidwe, pakuti ndi poizoni.

Chachinayi: musanafese nazale ya fodya, bambo ndi mayi mukhale pansi ndi kupatula mizere ya mtedza, nyemba ndi mbatata yofiira m'kati. Futsani nkhwani ndi khwanya tsopano, masamba akali ochuluka. Pokolola musagulitse mtedza wonse. Bzalani papaya kuseri kwa nyumba, ndipo amene ali ndi dambo asaleke dimba.

Chachisanu: tsegulani mazenera. Wodwala akhale pakhonde, pa mphepo ndi kadzuwa ka m'mawa. Atseke pakamwa pokhosomola, aleke kusuta ndi mowa. Fodya wouma asagone m'chipinda chimodzi ndi anthu. A m'nyumba onse, makamaka ana osafika zaka zisanu, apite kukaonedwa, pakuti alipo mankhwala owateteza.

Chachisanu ndi chimodzi, ndicho chimene chikhudza ife akatekisiti koposa: Eklezia, amene ndi mayi, salamula wodwala kusala. Lamulo la kusala pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera silimanga odwala, ndipo ngakhale ola limodzi lija la kusala munthu asanalandire Ukaristia siliwamanga.

KUBWERERA

Tisanachoke tidankanso kwa mbale wathu uja. Tidamukumbutsa za mwana wamkazi wa Yairo, m'mutu wachisanu wa Marko Woyera: kuti Ambuye atamudzutsa kwa akufa, anthu onse ali kakasi, adalamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Tidati: "Achimwene, nsembe yanu ya Lenti chaka chino ndiyo kumeza mapiritsi anu mokhulupirika ndi kudya chimene mwapatsidwa, ngakhale pakamwa pakuwawa. Kusala tisala ndife m'malo mwanu." Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Ngati ndi choncho, mayi, patseni phala lija."

Lamulungu, titatha mapemphero, tidakamba nkhaniyi pamaso pa mphakati, iye mwini atatilola. Akhristu adagwirizana kuti chimene banja lililonse lisala pa Lachisanu chipite ku nyumba imeneyo. Agogo aja adayamba ndi lichero la mtedza ndi zikwatu ziwiri. Wina adalonjeza mazira, wina maungu. Anyamata a kwaya adati adzasamutsa fodya kumuika m'chigafa cha mnansi ndi kuboola zenera lachiwiri. Ndipo amayi awiri adati adzaperekeza mkazi wake ndi ana kuchipatala Lolemba. Patsogolo pa munthuyo pakali miyezi isanu ya mankhwala, ndipo ngongole ya munda ikumuyembekeza pa msika. Mutu umodzi susenza denga. Tikupemphani kuti mumukumbukire pa Korona wanu wa madzulo.

Tereza Woyera wa Mwana Yesu adafa ndi chifuwa chomwechi pa 30 Sepitembala 1897, ali ndi zaka 24, nthawi imene mankhwala ake kudalibe. Ife Mulungu watipatsa mankhwala, watipatsanso dothi lobala mtedza. Pobwerera tidayang'ana phiri la Kasungu likuchepa kumbuyo kwathu, ndi zigafa zikudutsa chimodzichimodzi, ndipo tidayamba kuwerenga minda imene idali ndi mizere ya mtedza pambali pa fodya. Idalipo, koma yowerengeka. Chaka chamawa, Mulungu akalola, tidzadutsanso njira yomweyo ndi kuwerenganso.

Tereza Woyera apempherere odwala athu onse, ndipo Ambuye adalitse nkhokwe zanu ndi miphika yanu. Tsalani ndi mtendere.

Ndife anu mwa Khristu,
Katekisiti